Posaka ntchito, musadye mbewu

Mlimi wanzeru sakazinga mbewu ngakhale nkhokwe itatsala pang'ono kutha mu Okutobala, chifukwa amadziwa kuti mvula ikubwera. Inunso amene ntchito inakutherani, kapena munamaliza Grade 12 ndi koleji koma mukadali pakhomo, muli ndi mbewu yanu: ndalama ya basi, ya bando ndi ya fotokope. Imeneyi ikatha, kusaka ntchito kwatheranso pomwepo. Choncho kandalama kalikonse kakalowa, kaya ndi ka ganyu kaya akupatsani amalume, patulani kaye ka mbewu musanaganize za ndiwo.

Kupita m'tauni ya Lusaka tsiku ndi tsiku sikuti ndiye khama. Kuchoka ku Chawama kapena ku Mtendere n'kubwerera, kasanu pa sabata, ndi ndalama yambiri yoti mukanagulira ufa. Sankhani masiku awiri, ndipo usiku wake lembani malo amene mukafike motsata njira. Mukatsika basi pa siteshoni ya Kulima Tower, yambani ndi maofesi a mu Cairo Road, kenako tsatani Lumumba Road wapansi mpaka ku mafakitale. Ku mafakitaleko pamafunika kulawirira, poti aganyu amatengedwa pageti m'mawa kwambiri.

Mapepala anu muwasamale. Chitupa chanu cha NRC ndi masatifiketi enieni azikhala kunyumba. Inu muziyenda ndi makope odindidwa. Envulopu ya khaki muziiika m'pulasitiki. Chaka china nthawi ya dzinja ndinaona mnyamata wa ku Kanyama atafika pageti la kampani ina atavula nsapato, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, koma CV yake inki itasungunuka yonse. Mlonda anangoigwira ndi zala ziwiri n'kumubwezera.

Masiku otsalawo gwirani ganyu, ndipo apa manyazi muwasiye. Ku Soweto Market mbandakucha kumafunika otsitsa mabokosi a tomato ndi oyendetsa wilibala. M'komboni muli oumba mabuloko, muli mabuthi a mobile money ofuna munthu wokhulupirika, muli ana olemba mayeso ofuna wowathandiza masamu madzulo. Anthu akutchani lova mukakhala pa kantemba tsiku lonse, osati mukamasenza simenti. Komanso ntchito zambiri muno mu Lusaka sizilengezedwa m'nyuzipepala. Zimamveka kwa kapitawo amene anaona mmene mumagwirira.

Zinthu zitatu zimadya mbewu ngati anankafumbwe: kaloba (ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu), kubetcha, ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti mwatengedwa ntchito koma mutumize kaye ya yunifomu kapena ya medikolo. Wolemba ntchito weniweni ndiye amalipira inu. Za kubetcha sindichulutsa, K20 yanu mukudziwa komwe inapita.

Ngati munagwirapo ntchito yodula ndalama ya penshoni ya NAPSA, kuyambira 2023 lamulo limalola kutapa 20 peresenti ya zopereka zanu, bola munapereka miyezi 60 kapena munakwanitsa zaka 45. Mwayiwu ndi wa kamodzi kokha. Ine ndimati imeneyi ikagule chinthu chobala, monga makina osokera kapena owotcherera, osati kukondweretsa anzanu Loweruka. Achinyamata pitani kwa khansala wanu kapena ku Ward Development Committee mukafunse za basale ya CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'dera lanu), yolipirira maphunziro a ntchito zamanja m'masukulu olembetsedwa ndi TEVETA. Mafomu ali ndi nyengo yake, ndiye funsani msanga.

Tsono mtima. Ulova umayamba kudya tulo, kenako munthu amaleka kusamba, amayankha mwaukali akafunsidwa kuti zayenda bwanji. Dzukani nthawi imene odzuka kupita kuntchito amadzuka. Ngati mukusungidwa kwa achibale, tungani madzi, sesani, perekezani ana kusukulu. Mbale ya nsima siwawa pakhomo pamene manja anu akuoneka. Akazi anu kapena amuna anu auzeni zoona za ndalama imene yatsala, ndipo a landilodi muwapeze tsiku la lendi lisanafike, osati kumazemba pawindo. Maganizo akafika poti mukuona ngati moyo ulibenso phindu, uzani munthu tsiku lomwelo, pitani kukiliniki yapafupi, kapena imbani 933, nambala ya bungwe la uphungu la Lifeline. Ndi yaulere, siifuna talk time.