Zoyenera kuchita magazi akadikha m'diso munthu atavulala

Mwala wa legeni, chibakera, mpira kapena kachikuni kothawa powaza nkhuni zikamenya diso zimatha kudula timitsempha ta mkati. Magazi amadikha kutsogolo kwa mbali yakuda ya diso, ndipo wovulalayo akakhala tsonga mumawaona atasonkhana m'munsi. Madokotala amati hyphema. Musawasokoneze ndi banga lofiira la pa mbali yoyera, lomwe limatha lokha pamasabata awiri kapena atatu.

Yambani ndi kumukhazika pansi mutu uli chilili. Asatikite diso, ndipo musalimange mothinitsa ndi nsalu. Dulani tsinde la kapu ya pulasitiki, muvindikire diso, mumate ndi pulasitala kuti kapuyo itsamire pafupa la pachipumi ndi patsaya. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga ndi zitsamba zisalowemo. Chonde, ngakhale agogo atakakamira.

Pa ululu mupatseni Panado basi. Aspirin, Brufen ndi diclofenac amachedwetsa magazi kuundana, choncho akhoza kuwonjezera kukha.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuona bwinobwino. Ku Blantyre kuli Lions Sight First Eye Hospital pa Queen Elizabeth, ndipo gawo la maso liliponso pa Kamuzu Central, Zomba Central, Mzuzu Central ndi ku Nkhoma. Mukafika, nenani chomwe chinamenya diso ndi nthawi yake. Ngati m'banja mwanu muli sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, ulirenitu, chifukwa magazi a wodwala wotere amatseka mosavuta njira yotulukira madzi a m'diso, komanso mankhwala ena monga acetazolamide samuyanja. Adokotala amayeza mphamvu ya madzi a m'diso, n'kupereka mankhwala odontheza ochepetsa kutupa ndi atropine wopumitsa mwana wa diso. Magazi akadzaza diso lonse kapena mphamvuyo ikakana kutsika, amawatsuka pa opaleshoni.

Pobwerera kunyumba ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri. Magazi amayamba kuchepa, mwana amva bwino, n'kuthamangira kubwalo la mpira. Komatu pakati pa tsiku la 2 ndi la 5 chivulalireni, magazi oundana aja amakhala akusungunuka, ndipo mtsempha ukhoza kutsekukanso. Kukha kwachiwiriku kumakhala koopsa kuposa koyamba. Kwa sabata yathunthu asalime, asasenze madzi, asawerame, asasewere. Pogona muike mapilo kapena mabulangete opinda kuti mutu ukwere pafupifupi madigiri 30, ndipo chovindikira chija agone nacho.

Diso likayamba kupweteka kwambiri, mutu ukamawawa mpaka kusanza, kapena akayamba kuona mwachimbuuzi, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira tsiku lomwe anakulemberani. Akachira, azikayezetsa diso chaka chilichonse, poti glaucoma, nthenda yowononga mtsempha woonera mpaka kuchititsa khungu, imatha kudzayamba m'diso lovulalalo patapita zaka zambiri.