Momwe mungasankhire theory ya kafukufuku wanu pa maphunziro a za malaibulale

Wophunzira aliyense wa Library and Information Science akafika chaka chomaliza amakumana ndi funso la supavaiza loti, "Theory yanu ndi iti?" Theory ndi maganizo olongosoka a akatswiri ofotokoza mmene chinthu chimachitikira. Ambiri amayankha funsoli usiku womwewo. Amatsegula dissertation ya amene adamaliza chaka chatha, n'kupeza kuti adagwiritsa ntchito theory ya Tom Wilson kapena TAM (Technology Acceptance Model, yoona momwe anthu amalandirira zipangizo zamakono), n'kukopera chithunzi cha mabokosi ndi mivi chija, n'kuchimata mu chaputala 2. Kuchoka apo theory ija sionekanso mpaka tsamba lomaliza. Ine ndimagwira ntchito mulaibulale, ndipo ophunzira amandibweretsera zolemba zotere kuti ndiwaonere. Zimandiwawa, chifukwa theory yosankhidwa bwino ndi imene ikadawapeputsira ntchito. Ndiyo imakuuzani choti mukafunse, woti mukamufunse, ndi choti muchisiye.

Vutoli lili ponseponse. Mu 2001 Karen Pettigrew ndi Lynne McKechnie adaunika nkhani zoposa 1,000 za m'majenalo akuluakulu a maphunziro athuwa, ndipo adapeza kuti zokamba za theory zidali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu basi. Choncho musadzione ngati mbuli. Koma inu mungathe kuchita bwino, ndipo njira yake ndi iyi.

Yambani ndi anthu, mabuku pambuyo

Musanatsegule Google Scholar, tsamba losakira zolemba za akatswiri, pitani kumene kuli anthu amene mukufuna kuwafufuza, mukakhale nawo tsiku limodzi kapena awiri, maso ndi makutu zili tcheru. Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa momwe amayi ogulitsa usipa mumsika wa Mzuzu amadziwira mitengo ya kunyanja. Mukaona mayi akuimba foni m'mamawa kwa munthu wake ku Nkhata Bay: "Kwacha bwanji kumeneko? Wafa usipa? Ndowa ikupita pa zingati?" Mukaonanso kuti akadula foniyo sauza mnzake wa benchi loyandikana zomwe wamva. Mukamva wina akunena kuti sabata ino sapita kunyanja chifukwa mwezi ukuwala, poti asodzi amakopa usipa ndi nyali usiku, ndiye mwezi ukawala sufa wambiri. Zimenezi sadaziwerenge paliponse.

Mukabwerako lembani chiganizo chimodzi chokha: anthu ake ndi ati, akufuna kudziwa chiyani, ndipo chakudabwitsani n'chiyani. Mwachitsanzo: "Amayi ogulitsa usipa amadalira munthu mmodzi wa kunyanja, ndipo amabisirana mitengo." Chiganizo chimenechi ndicho chikusankhireni theory. Ngati simungathe kuchilemba, nthawi yosankha theory sinakwane.

Dziwani chimene mukufufuza kwenikweni

Apa ndi pamene Michael Buckland amathandiza. Mu 1991 adasiyanitsa zinthu zitatu zomwe anthu a ntchito yathu amaziphatikiza. Pali chinthu chogwirika chomwe chanyamula uthenga, monga buku, fayilo, kaseti kapena chithunzi. Pali zomwe zimachitika munthu akamauzidwa kanthu n'kusintha zomwe amadziwa. Ndiye pali chidziwitso chenichenicho chomwe chili m'mutu mwa munthu. Amene akufufuza kasungidwe ka mafayilo ku National Archives ku Zomba ali pa choyambacho. Amene ali ndi amayi a usipa ali pa ziwiri zinazo. Kusiyanitsa kumeneku kumachotseratu theka la ma theory omwe akadakusokonezani.

A za ma records ndi malo osungira zinthu zakale awerengenso Suzanne Briet, mayi wa ku France amene mu 1951 adapereka chitsanzo cha nyama ya mtundu wa gwape. Ikamathamanga m'tchire ndi nyama chabe, koma ikagwidwa, n'kuikidwa kumalo osungira nyama, n'kulembedwa m'kaundula kuti anthu aphunzirepo, yasanduka umboni ngati chikalata. Ganizo limeneli limakupatsani mphamvu yonena kuti ng'oma, mkanda kapena mawu a agogo ojambulidwa pa tepi n'zoyenera kusamalidwa mofanana ndi mapepala a boma.

Za Claude Shannon ndinene mwachidule. Ntchito yake ya 1948 ku Bell Labs ndi yaikulu zedi, ndipo foni ili m'manja mwanuyo ikuyendera masamu ake. Koma iye mwini adanena kuti tanthauzo la uthenga silikhudza vuto la uinjiniya lomwe ankathetsa. Ankayeza kuchuluka kwa zizindikiro zomwe zingadutse pa waya popanda kusokonekera. Ngati funso lanu ndi loti anthu amamva bwanji kapena amakhulupirira ndani, Shannon musiyeni.

Fananizani chiganizo chanu ndi ma theory

Theory ili ngati ukonde: kukula kwa maso ake ndiko kumasankha nsomba zomwe mugwire. Choncho funsani kuti mwini theory ankafufuza anthu otani, ndipo ankafuna kugwira chiyani.

Carol Kuhlthau adayamba ndi ana asukulu za sekondale ku America omwe adapatsidwa ntchito yolemba. Mu 1991 adafotokoza masitepe 6, kuyambira pomwe munthu walandira ntchito, kusankha mutu, kufufuza mwachisawawa, kupeza pomwe waima, kusonkhanitsa, mpaka kupereka. Chokoma chake n'choti adaikamo za mumtima. Adaonetsa kuti pa sitepe yachitatu nkhawa ndi chisokonezo zimakula m'malo mochepa, chifukwa zomwe munthu akuwerenga zikutsutsana. Ngati mukufufuza ophunzira omwe akulemba asainimenti, Kuhlthau ndi wanu. Kwa amayi a usipa sakukwanira, poti iwo alibe ntchito yoyamba lero n'kutha pa tsiku loikika.

David Ellis mu 1989 adaona momwe akatswiri ofufuza a ku yunivesite ya Sheffield amasakira zowerenga: kutsata maumboni a kumapeto kwa nkhani, kusanthula majenalo, kulondola zatsopano ndi zina. Ameneyu ndi wa amene akufufuza aphunzitsi a m'mayunivesite.

Tom Wilson ndiye amakondedwa kwambiri kuno, ndipo pali chifukwa. Model yake ya 1981, yomwe adaikonzanso mu 1996, imafunsa zomwe zimaima pakati pa munthu ndi uthenga umene akuufuna: zaka, maphunziro, udindo wake, malo omwe akukhala, ndi mmene gwero la uthengalo lilili. Imavomerezanso kuti munthu amatola uthenga asakuufuna, monga mlimi amene wamva za mbozi za m'chimanga pa wailesi akudya nsima. Vuto lake n'loti ndi yotakata, moti munthu waulesi amatha kuponyamo chilichonse. Mukaisankha, nenani zigawo zomwe mwatenga ndi zomwe mwasiya.

TAM ya Fred Davis ya 1989 ili ndi mafunso awiri: kodi munthu akuona kuti chipangizochi n'chothandiza, ndipo akuona kuti n'chosavuta kugwiritsa ntchito? Ndi yabwino pofufuza ngati ophunzira alandira Koha (pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera laibulale) kapena e-library. Koma siifunsa ngati munthuyo ali ndi ndalama ya bando, kapena ngati magetsi analipo. Kwathu kuno zimenezo ndiye nkhani yaikulu, ndiye muyenera kuziwonjezera nokha n'kufotokoza chifukwa chake.

Amene ndimafuna ophunzira athu akadamudziwa kwambiri ndi Elfreda Chatman. Mayi ameneyu sankafufuza maprofesa. Adakhala ndi anthu osesa pa yunivesite, amayi okalamba okhala pamalo a anthu opuma pantchito, komanso amayi a m'ndende. Mu 1996 adalemba za umphawi wa uthenga, ndipo adapeza zinthu zinayi: kusunga chinsinsi, kunamiza ena za mmene zinthu zilili, kuyeza ngati kufunsa kungakuike m'mavuto, ndi kulandira uthenga wokhawo umene ukukhudza vuto la lero. Mfundo yake ndi yoti munthu angathe kukhala pafupi ndi thandizo koma osalipempha, poopa kuti akaulula vuto lake anzake amuona bwanji. Mu 1999 adawonjezera kuti anthu okhala m'kadziko kakang'ono, komwe aliyense amadziwa mnzake, sakonda kufuna uthenga wa kunja pokhapokha zinthu zitafika povuta.

Tsopano bwererani ku benchi la usipa lija. Mayi uja sauza mnzake mtengo: chinsinsi. Akafunsidwa amati "kunyanja kwaipa" pomwe wamva kuti usipa wafa: kunamiza. Mpamba wake ukatha safunsa ku banki m'khonde poopa kutchuka kuti wagwa: kuyeza ngozi. Theory imene idabadwira ku America yakupatsani mayina a zinthu zomwe mudaziona ndi maso mumsika. Mukamva kukoma kotere, kuti zomwe mukuwerenga zikulongosola zomwe mudaona, mwaipeza theory yanu.

Tengani imodzi. Ziwiri pokhapokha ngati yoyambayo ikusiya funso lanu lina lopanda yankho, ndipo mutha kunena funso lake. Kuunjika zinayi sikuonetsa kuwerenga, kumangokuchulutsirani mafunso pa tsiku la defence, lomwe mumateteza kafukufuku wanu pamaso pa aphunzitsi.

Werengani mwini wake

Ili ndi lamulo lomwe sindisinthapo. Musatenge Wilson kuchokera mu dissertation ya munthu amene naye adatenga kwa wina. Zithunzi zimasintha pokoperana, mivi imasowa, zaka zimasokonekera. Nkhani zambiri zomwe ndatchulazi n'zosapitirira masamba 25. Jenalo ya Information Research, yomwe Wilson adayambitsa mu 1995, ndi yaulere pa intaneti. Zina zili m'majenalo olipira, koma malaibulale a m'mayunivesite athu amalembetsa limodzi kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi, choncho pitani pa desiki mukafunse. Ndi ntchito yathu kukupezerani, ndipo timasangalala wophunzira akabwera ndi dzina la mlembi ndi chaka. Palinso buku la 2005 lomwe adakonza Karen Fisher, Sanda Erdelez ndi Lynne McKechnie, Theories of Information Behavior, lokhala ndi timitu tatifupi toposa 70, kamutu kalikonse theory yake. Ndi pabwino poyambira kusakasaka, koma mukasankha pitanibe kwa mwini wake. Kenako onani pa AJOL (African Journals Online, tsamba la majenalo a ku Africa) ngati wina wa ku Africa kuno adaigwiritsapo ntchito, ndi pomwe idamuvuta.

Sandutsani theory kukhala mafunso

Tengani pepala, mulembe mizere itatu yotsika. Mzere woyamba lembani mfundo za theory, wachiwiri cholinga cha kafukufuku chomwe mfundoyo ikukhudza, wachitatu funso lenileni lomwe mukafunse munthu, m'chilankhulo chomwe amalankhula. Pa mfundo ya chinsinsi simungafunse kuti, "Kodi mumasunga chinsinsi?" Aliyense akana. Funsani kuti, "Amayi, mukamva mtengo wa kunyanja, woyamba kumuuza amakhala ndani? Alipo amene simungamuuze?" Pa kuyeza ngozi: "Mpamba utachepa, mungapite kwa ndani? Nanga kwa ndani simungapiteko, ndipo chifukwa chiyani?"

Njira ya Brenda Dervin imathandiza pa kafunsidwe ngakhale theory yanu ikhale ina. Iye ankati munthu amakhala pa ulendo, n'kufika pomwe njira yaduka, n'kufuna chomuolotsa. Ndiye m'malo mofunsa kuti "Mumapeza kuti uthenga?", mumati, "Tandikumbutsani tsiku lomaliza lomwe mudasowa chochita pa geni yanuyi. Chidachitika n'chiyani? Mudafunsa ndani? Zidakuthandizani bwanji?" Munthu amakamba nkhani yeniyeni, osati yankho lokusangalatsani.

Mukamaliza pepalalo liyang'aneni bwino. Mfundo ya theory yopanda funso, mwina muichotse kapena muipezere funso. Funso losachokera ku mfundo iliyonse, dzifunseni chomwe likufuna mu questionnaire yanu. Pepala limeneli ndi limene mupite nalo kwa supavaiza, osati masamba 30. Aphunzitsi athu amakhala ndi makalasi aakulu ndi ophunzira ambiri owayang'anira, ndipo tsamba limodzi looneka bwino amaliwerenga muli pomwepo. Akakuuzani kuti musinthe theory, funsani mwaulemu kuti, "Bwana, ndi funso liti mwa awa lomwe theory imeneyi sikuligwira?" Yankho lake likuphunzitsani zambiri, ndipo nthawi zina iwo eni amaona kuti mwaganiza kale mokwanira.

Ibwezeni theory pokambirana zomwe mwapeza

Chaputala chokambirana zotsatira chiyende motsata mfundo za theory zija, imodzi ndi imodzi. Nenani pomwe zagwirizana, koma dekhani kwambiri pomwe zasemphana, chifukwa apo ndi pomwe pali chopereka chanu. Mwina mupeza kuti amayi aja amabisirana mitengo koma amachenjezana msanga za wakuba kapena za galimoto yomwe yawonongeka pa msewu wa ku Nkhata Bay. Ndiye kuti chinsinsi chawo chili ndi malire, ndipo ntchito yanu ndi kulongosola pomwe malirewo adutsa. Musafinye zomwe anthu adakuuzani kuti zikwane m'mabokosi a munthu wa ku Sheffield kapena ku America. Ma theory ambiriwa adapangidwa kumene kuwerenga ndi intaneti n'zosasowa, pomwe kuno uthenga wambiri umayenda pakamwa, pa wailesi, kutchalitchi ndi kumzikiti, pamaliro, ndi m'magulu a WhatsApp.

Pomaliza, ngati mwasankha Chatman kapena theory ina iliyonse yokhudza zomwe anthu amabisa, konzekerani bwino za chilolezo. Pezani kalata ya komiti yoona za kafukufuku ya pasukulu panu musanafunse munthu aliyense, kaonekereni kwa atcheya a msika, ndipo mayi aliyense mucheze naye payekha, kutali ndi benchi lake. Mayina enieni asalowe mu dissertation, ndipo musalembe tsatanetsatane woti mnzake wa mumsika angamuzindikire nawo.