Ng'ombe ikakana nkhunzi musathamangire jekeseni

Anzanga oweta ng'ombe kuno ku Chipata, Katete mpaka ku Lundazi, funso lomwe ndikulandira kwambiri mwezi uno wa Okutobala ndi loti ng'ombe yanga inabala kalekale koma sikufuna nkhunzi, palibe jekeseni yoti muilase? Sabata yatha ndinali pa khola lina cha ku Msekera, abambo ena anandionetsa thadzi lawo la mtundu wa Angoni, nthiti zonse zikuwerengeka, mafupa a m'chiuno oti mutha kupachikapo chisoti, thole likukoka bere lopanda kanthu, iwo ndalama ya jekeseni ili kale m'manja. Ndinati abambo, ndalamayi kaguleni gaga.

Ndifotokoze chifukwa chake bwinobwino. M'mimba mwa thadzi muli malo awiri osungira mazira, ndipo dzira lililonse limakulira mu kathumba ka madzi. Kathumbako sikakula pakokha, kamamvera mahomoni, timadzi tonyamula uthenga m'thupi, ochokera ku kachiwalo kakang'ono kali pansi pa ubongo. Yoyamba ndi FSH, imeneyi imauza kathumba kuti kula. Yachiwiri ndi LH, yomwe imakakhwimitsa nkukaphulitsa kuti dzira lituluke. Koma homoni ili ngati mawu, imafuna khutu loti limve. Maselo amene azungulira dzira poyamba amakhala ndi timakutu tomvera FSH chabe, a sayansi amati ma receptor, ta LH kulibe. Ta LH timamera pambuyo, FSH ikagwira ntchito limodzi ndi homoni ina yotchedwa estrogen yomwe kathumba komweko kamapanga, ndipo pa ng'ombe zachizungu zimachitika kathumba kakafika pafupifupi mamilimita 8, pa zathu za linundazi kakadali kocheperako. Kathumba kamene kayamba kumera timakutu timeneti ndi kamene kamapitirira, tinzake timafota. Estrogen ikachuluka mpamene mumaona ng'ombe ikungolira, ikukwera zinzake, ikutulutsa zonanda zoyera kumbuyo, nkumaima phee ikakweredwa.

Manje ng'ombe yoonda thupi limadziwa kuti kunja kuli njala, LH imachepa, kathumba kamakula pang'ono nkufota, kena kamayamba nkufotanso, miyezi nkumapita inu mukungoti ng'ombe iyi ndi chumba. Kuyamwitsa nakonso kumapondereza LH, makamaka thole likamayenda ndi mayi wake tsiku lonse.

Jekeseni yomwe ambiri mumamva ndi ya prostaglandin. Ntchito yake ndi kusungunula kanthu kachikasu komwe kamatsala pamalo pomwe dzira latuluka kuti ng'ombe ifunenso nkhunzi, ndiye ng'ombe yoti sinatulutse dzira ilibe kachikasuko, mwalasa pachabe. Chomwe chimandiwawa nchakuti ina imakhala inatenga kale bere kudambo inu osadziwa, mukailasa imataya. Muziyamba mwaitana a vet aipime ndi dzanja. Mankhwalawa amayi oyembekezera ndi odwala asima asawagwire nkomwe chifukwa amalowa pakhungu.

Chochita ndi ichi. Mukakolola musamasiye mapesi ndi masangwi a nshawa m'munda kuti moto udye, sanjani pa thandala pamthunzi musungire miyezi ino. Masangwi a nshawa ali ndi mphamvu kuposa mapesi, apatseni mathadzi oyamwitsa poyamba. Onjezani gaga, ndipo kwa inu oyenga mafuta a mpendadzuwa keke yotsalayo ndi chakudya chabwino zedi, mchere ndi madzi zisasowe. Thadzi libale lili ndi thupi, osati muyambe kulidyetsa litagwa kale. Ku dibi musajombe, ng'ombe yodzaza nkhupakupa siinenepa ngakhale mudyetse bwanji. Thupi likabwerako, patatha miyezi iwiri chibalire mutha kupatula thole masiku awiri, mukulipatsa madzi ndi chakudya, nthawi zambiri mayiyo amayambiranso.

Bere la ng'ombe ndi masiku pafupifupi 283, ndiye kuti izibala chaka ndi chaka iyenera kutenga pasanathe masiku ngati 82 chibalire. Imafuna nkhunzi pa masiku 21 aliwonse, zina 18 zina mpaka 24, ndipo zathuzi zimaonetsa maola ochepa chabe, nthawi zambiri usiku. Muziima pa khola m'mamawa musanatsegule ndi madzulo zikalowa, muwauzenso anyamata obusa azikuuzani yomwe yakweredwa, mulembe tsikulo pa kalendala. Amene mukugwiritsa AI, ndiko kuti kuika mbeu ya nkhunzi ndi chipangizo m'malo mokweretsa, mukaiona ng'ombe itaima m'mawa mbeu iikidwe madzulo, mukaiona madzulo iikidwe mawa m'mawa, koma foni imbani nthawi yomweyo kuti woika mbeuyo apeze njinga nthawi ikadalipo.