Momwe ndinapulumutsira Echeveria yowola mizu

Masamba a m'munsi a Echeveria yanga (chomera cha masamba onenepa osunga madzi) anayamba kufewa, kuchita chikasu ndi kuthothoka ndikangowakhudza. Kusiya kuthirira sikunathandize, kuiika padzuwa nakonso ayi, chifukwa dothi linali lonyowabe pansi pa mphika. Vuto linali kumizu.

Ndinaizula n'kukutumula dothi lonse. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, yowola imakhala yakuda, yoterera ndiponso yonunkha. Ndi lezala yatsopano yopukutidwa ndi sipiliti ndinadula mizu yowolayo, n'kupitiriza kudula tsinde pang'onopang'ono mpaka mkati mwake mutayera. Osachitira chomera chisoni apa: kadontho kakuda kakatsala, kuwola kumakwerabe.

Chofunika koposa n'kuumitsa bala. Chomeracho chigone pamthunzi popita mphepo kwa masiku 3 mpaka 5, kufikira podulapo patauma n'kuchita kachipsera. Mukachibzala bala lili laliwisi, tizilombo ta m'dothi timalowera pomwepo. Musaope kuti chifota, madzi ali m'masamba.

Dothi lakale ndinataya. Latsopano ndinasakaniza gawo limodzi la dothi la maluwa ndi magawo awiri a mchenga wokhakhala wokhala ndi timiyala (mchenga wosalala umagwirana n'kusunga madzi). Mphika ukhale wadongo, waung'ono, wobooledwa pansi.

Mukabzala dikirani sabata musanathirire. Kenako thirirani mpaka madzi atuluke pabowo, ndipo musabwerezenso mpaka kamtengo kolasa m'dothi katuluke kouma. Mizu yatsopano imayamba pakatha masabata awiri kapena atatu.