Mmene anthu wamba angathandizire kusintha lamulo la kuberekera ena mwana ku Britain

Mwafunsa zimene anthu wamba angachite kuti lamulo lokhudza mayi woberekera banja lina mwana lisinthe ku Britain.

Choyamba, mvetsetsani pamene pali vuto. Lamulo la 2008 limati mayi amene wabereka ndiye kholo, choncho banja lodzalera mwanayo liyenera kupempha khoti kuti lilipatse ukholo, ndipo chilolezo cha mayiyo chopereka ukholowo sichiwerengedwa mwana asanakwanitse milungu 6. Mu Marichi 2023, Law Commission (bungwe lounika malamulo) ya England ndi Wales pamodzi ndi ya Scotland zinapereka maganizo oti makolo olerawo azidziwika mwalamulo ngati makolo kuyambira tsiku lobadwa mwanayo, malinga ngati mayiyo sanasinthe maganizo.

Kenako sonkhanitsani amene nkhaniyi inawakhudza, makamaka amayi oberekawo, pakuti kawirikawiri iwo ndiwo amaiwalika. Aliyense alembere phungu wa dera lake kalata yofotokoza zimene anakumana nazo. Kalata yotereyi imaposa yongokopera.

Mukatero, yambitsani pempho pa tsamba la intaneti la Nyumba ya Malamulo. Anthu 10,000 akasaina boma limayankha, ndipo akafika 100,000 pempholo limaganiziridwa kuti aphungu alikambirane.