Mmene ndimadziwira ngati madzi a pampopi ndi oyenera kumwa

Pawindo la kukhitchini kwanga pamakhala tambula yagalasi imene palibe amamwera. Ntchito yake ndi kuyezera madzi basi. Ndinayamba zimenezi mwana wanga wamng'ono atatsekula m'mimba masiku atatu, sabata yomwe madzi anabwerera atasowa kwa masiku awiri. Tsiku limene anabweralo ndinathamangira kudzaza zidebe ndi madzi oyambirira kutuluka, ndipo ndinam'patsa kuti amwe chifukwa ankaoneka oyera mbee.

Choyamba chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti madzi amakhala oopsa kwambiri nthawi yomwe angobwera kumene. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankhira kunja pamalo paliponse pamene yang'ambika, ndiye zonyansa sizilowa. Ikauma, mphamvu ija imatha, ndipo paipi imayamba kukoka madzi a m'nthaka, nthawi zina ochokera pafupi ndi mapaipi a suweji. Choncho madzi akabwera, tsegulani mpopi kwa mphindi zingapo. Madzi oyambawo musataye, tungirani m'ndowa yochapira kapena yothira kuchimbudzi. Akumwa tsiku limenelo ndi lotsatira, ine ndimawiritsa ngakhale ataoneka bwanji. Ndimachitanso chimodzimodzi ndikaona kuti akukumba msewu n'kukonza paipi yophulika, kapena kukagwa mvula yosefukira.

Tsopano za tambula ija. Tungani madzi ozizira, ikani tambulayo papepala loyera pamalo owala, dikirani mphindi ziwiri. Ngati madzi anatuluka otuwa ngati mkaka koma akuyamba kuyera kuchokera pansi kupita pamwamba, umenewo ndi mpweya chabe, musade nkhawa. Ngati ali ofiirira, kawirikawiri ndi dzimbiri la m'mapaipi achitsulo kapena matope. Dzimbiri palokha silidwalitsa kwenikweni, limangowononga zovala zoyera, koma madzi amatope amabisa tizilombo kuti klorini asatipeze. Akatswiri amayeza kuda kwa madzi ndi muyezo wotchedwa NTU, ndipo madzi osefedwa bwino sayenera kupitirira 1. Diso la munthu limayamba kuona kudako zikafika cha pa 4, kutanthauza kuti inu mukamaona, zafika kale patali.

Kenako nunkhizani, koma chokani kaye pasinki. Kangapo konse ndinadandaula kuti madzi akununkha ngati mazira owola, pomwe fungolo limachokera m'paipi yotayira madzi akuda. Mukapita nayo tambula m'chipinda china fungo n'kutha, tsukani sinki. Likamveka m'madzi otentha okha, vuto lili mu giza. Fungo la petulo kapena la mankhwala achilendo ndiye musalawe n'komwe, imbirani ogawa madzi nthawi yomweyo.

Fungo limene anthu ambiri amadana nalo ndi la klorini, koma ine ndikalimva pang'ono mtima umakhala m'malo. Bungwe la World Health Organization limati madzi azifika pampopi ali ndi klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita, kuti azipha tizilombo tolowa panjira. Amene amakhala kumapeto kwa mzere wa mapaipi ndi amene amalandira madzi klorini atatheratu. Pali timapepala toyezera klorini timene timasintha mtundu mukativiika m'madzi, ndipo n'tosavuta kugwiritsa ntchito. Ngati fungolo likukunyansani, siyani madzi m'jagi maola angapo, limachepa lokha.

Komabe maso ndi mphuno zili ndi malire. Mu 1854 ku London, anthu ankakonda madzi a pampu ya pa Broad Street, mpaka dokotala John Snow anasonyeza kuti kolera imene inapha anthu mazanamazana m'deralo inkachokera pomwepo. Mu 1993 mumzinda wa Milwaukee ku America, anthu pafupifupi 400,000 anadwala ndi kachilombo ka Cryptosporidium, kamene klorini wamba sakapha. Kuwiritsa ndiye kumakapha. Madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kungotulutsa timathovu m'mbali mwa poto. Ngati mumakhala pamalo okwera kuposa mamita 2,000, onjezani zifike mphindi zitatu, popeza kumeneko madzi amawira asanatenthe mokwanira.

Moto ukasowa pali njira ziwiri. Mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa amagwira bwino, bola mutsatire mlingo wolembedwa pabotolo ndi kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope, asiyeni adikhe kaye n'kuwasefa ndi nsalu yoyera. Njira ina ndi dzuwa: thirani madzi oyera m'botolo la pulasitiki loonekera mkati, losapitirira malita 2, ligonekeni padzuwa maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo.

Pali china chimene ndinachedwa kuchimvetsa, ndipo chimandipwetekabe mutu ndikamva anthu akunena kuti "ndawiritsa, ndiye zonse zili bwino". Kuwiritsa sikuchotsa mtovu. Madzi akamaphwa ndi moto, mtovuwo umangotsalira wochuluka. Mtovu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umawononga ubongo wa ana aang'ono. Nthawi zambiri suchokera kumalo oyeretsera madzi, umasungunuka m'mapaipi akale ndi m'zolumikizira za m'nyumba momwemo. Mu 2014 mzinda wa Flint ku Michigan, ku America, unayamba kutunga madzi mumtsinje wa Flint popanda kuthira mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke, ndipo mtovu unalowa m'madzi a mabanja ambiri. Malire amene World Health Organization inaika ndi mamaikulogalamu 10 pa lita. Ngati nyumba yanu ndi yakale, m'mawa tsegulani mpopi mpaka madzi azizire bwino musanatunge akumwa, chifukwa amene agona m'paipi usiku wonse ndi amene amatenga zitsulo zambiri. Ophikira ndi osungunulira mkaka wa khanda atuluke kumpopi wa madzi ozizira nthawi zonse. Kuti mudziwe zoona zake, pamafunika kutengera madziwo ku labotale.

Ogawa madzi amayeza madzi awo kawirikawiri, ndipo si kulakwa kuwafunsa zotsatira. Ine ndimafunsa zinthu zitatu: ngati anapeza E. coli, kachilombo ka m'chimbudzi cha anthu ndi nyama, amene sayenera kupezeka ngakhale mmodzi m'mamililita 100; kuchuluka kwa klorini wotsala m'dera langa; ndiponso tsiku limene anayeza. Musanadandaule, funsani aneba. Vuto likakhala lanu lokha, yambani kufufuza kuchokera pamita kulowa m'nyumba, makamaka thanki yosungira madzi ngati chivundikiro chake chinasweka.

Ndivomere kuti nthawi zina wodetsa madzi amakhala mwini nyumba. Ndinkasunga madzi owiritsa m'ndowa yotsegula, aliyense n'kumapisamo kapu ndi zala zomwe. Pano ndimagwiritsa chigubu cha kukamwa kung'ono chokhala ndi chotsekera, chimene timachita kupendeketsa pothira. Loweruka lililonse ndimachitsuka ndi sopo, ndipo ndimamasulanso kasefa kakumapeto kwa mpopi n'kukachotsa mchenga ndi mswachi wakale.