Momwe mungapezere masipeya a mabuleki a ndege zakale muli ku Salima

Ndege zing'onozing'ono zakale, monga Cessna 170 yomwe inkapangidwa pakati pa 1948 ndi 1956, zimatha kukhala ndi injini yabwinobwino koma n'kukhala pansi miyezi chifukwa cha mabuleki okha. Zambiri zinabwera ndi mabuleki a Goodyear, omwe anasiya kalekale kupangidwa. Kuno ku Salima chinyezi cha kunyanja chimaonjezera vuto, chifukwa magudumu a magnesium amadyeka mkati pomwe kunja akuoneka bwino.

Yambani ndi kukweza ndege pa jeke n'kuchotsa magudumu onse awiri. Ndati onse awiri. Musadalire zolembedwa m'buku la ndege zokha. Ndege ya zaka zoposa 60 yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo si onse ankalemba zomwe asintha. Pa yomwe tinkakonza ife, buku linkasonyeza kuti zonse n'zoyambirira, koma gudumu lakumanzere linachokera pa ndege ina. Wogulitsa masipeya anangofunsa mtundu wa ndege basi. Katundu atafika, disiki inalowa mbali imodzi, kwinaku inakana, ndipo ndalama sanabweze. Choncho tsukani gudumu lililonse, fufuzani nambala yomwe inadindidwa pa gudumupo ndi pa buleki, ijambuleni pa foni. Yesani kunenepa kwa disiki, werengani mano ake. Onaninso timakilipi togwira disikiyo: pa Goodyear kamodzi kakaguluka, gudumu limatha kuleka kuzungulira pomwe ndege ikutera, ndipo pa ndege ya gudumu lakumchira ngati Cessna 170 zimenezo n'zoopsa kwambiri.

Mukakhala ndi manambala, funsani kaye mainjiniya a ndege ku Lilongwe, mwina wina anasunga zotsala. Kenako yesani makampani okonza ndege a ku Rand Airport kufupi ndi Johannesburg kapena Wonderboom ku Pretoria. Ku America kuli makampani ogulitsa masipeya a ndege a Univair ndi Aircraft Spruce. Mtengo wake ndi wa madola, ndipo mukudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira, ndiye itanitsani zonse kamodzi: mapadi, malivete, timalabala ta O-ring. Kutumiza kawiri kumapweteka m'thumba kuposa masipeyawo.

Chenjerani ndi ogulitsa a pa Facebook amene amati katundu ndi wakale koma sanagwirepo ntchito. Afunseni chikalata chotsimikizira kuti sipeyayo ndi yovomerezeka: fomu ya FAA 8130-3 ya ku America kapena EASA Form 1 ya ku Ulaya. Akayamba kuzungulira, asiyeni. Labala lomwe lakhala pa shelefu zaka makumi limauma ngakhale lili m'pepala lake.

Maganizo anga ndi akuti ngati gudumu ladyeka, lekani kusakasaka za Goodyear. Gulani seti ya magudumu ndi mabuleki a Cleveland yosinthira zonse, yokhala ndi STC, chilolezo chovomereza kusintha kotere pa mtundu wa ndege yanu. Imadula poyamba, koma mapadi ake amapezeka mosavuta. Eni Piper J-3 Cub, omwe mabuleki awo ndi a chubu chofufuma, ayang'anenso mabuleki a kampani ya Grove.

Pomanga, thirani mafuta ofiira a MIL-H-5606 ngati buku la malangizo okonzera ndegeyo latero. A galimoto a DOT 3 kapena DOT 4 amaononga timalabala, wina asakunamizeni kuti n'chimodzimodzi. Chotsani mpweya m'mapaipi, yesani mabuleki ndege ikuyenda pansi. Za msonkho funsani a MRA katundu asananyamuke. Ntchito yonse aione ndi kuisainira injiniya wa chiphaso, ndipo kusintha kwa Cleveland kudutse ku bungwe loona za ndege.